Za Atate ndi Ana Ao: Mau Onenedwa pa Msonkhano wa ku Embangweni

Wapampando, Makosi athu, ndi abale onse a Bungwe, mwandipempha ndinene za atate ndi maleredwe a ana.

Kwa Acewa ambiri a ku Dedza ndi Lilongwe mwamuna amka ku cikamwini. Ana ali mbumba ya malume ao, ndipo ukwati ukatha iye acoka yekha. Ife a kuno kwa Inkosi Mzukuzuku timseka munthu wotere, pakuti kwathu atate akapereka ng'ombe za lobola ana ali ace, natenga ciwongo cace. Koma mkamwiniyo agona pamodzi ndi ana ace, nalima munda umene iwo adyako.

Kale mnyamata wa Cingoni, atamera mano aciwiri, ankacoka kwa amace kumka ku laweni, naweta ng'ombe, namva milandu ya akulu pakhola. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anacha buku lace la 1959 Children of Their Fathers, ndiko kuti ana a atate ao. Nanga atatewo anali kuti? Komiti ya Boma ya 1935 inapeza kuti mwa amuna anai mmodzi anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri anasanduka machona. Wenela inaimitsidwa mu 1974, koma anyamata a ku Mzimba amkabe ku Joni kufikira lero.

Sinditsutsa iye amene atumiza ndalama za sukulu ndi feteleza. Umphawi ndiwo unamcotsa pamudzi. Ndinena za iye amene akhala cete zaka zisanu, nati m'mtima mwace, ng'ombe ndinapereka. Mkazi wace ali pa mudzi wa eni, kutali ndi alongo ace. Alibe malume wa ana womthangata, monga ali naye mkazi wa Cicewa. Mwambo uti abale a mwamuna alere anawo. Ena aleradi, ena afunsa za malata okha.

Lamulo la dziko la 2010 losamala ana liika udindo pa makolo onse awiri, ungakhale ukwati utatha. Cifukwa cace ndipempha Makosi: mlandu wa ana ukadza pabwalo, musawerenge ng'ombe zokha iai; funsaninso amene anagula bulangeti, ndi amene anamka naye mwana ku cipatala ca Embangweni pamene anadwala malungo. Mlembi alembe pempho ili, kuti tilikambe pa msonkhano ukudzawo.