Mau a Mnzathu pa Msonkhano wa ku Area 4

Anzanga amene tidadyera limodzi nyemba za anankafumbwe.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 17,563,749 m'Malawi muno. Nambalayi musaiope. Ikuthera 9, choncho siigawika pawiri. Tikati tiime awiriawiri, mmodzi asowa mnzake. Phatikizani manambala ake onse, mupeza 42. Popeza 3 amalowa mu 42, alowanso m'nambala yonseyo popanda chotsala. Nditayesa 7, nayenso adalowa. Ndiye kuti si prime ayi: ndi 3 × 7 × 836,369.

Zimenezi ife tinkachita pa bolodi. Mdzukulu wanga wa Fomu 2 nditamfunsa, adathamangira foni. Nchifukwa chake ndikupempha kuti zopereka za chaka chino tigulire sukulu yathu mabuku a masamu. Penti adikire.