Kupambana Mlandu Sikulandira Ndalama: Mawu kwa Ochita Lendi M'matauni a Migodi

Timvane pa nkhani imene yawawitsa mitima ya ambiri a ife kuno ku Midlands. Makolo athu anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide ku Globe and Phoenix ku Kwekwe, asibesitosi ku Shabanie ndi kusungunula zitsulo ku Zisco. Iwo ankagona m'nyumba za kampani. Ife lero tikuchita lendi ku Mbizo, Amaveni, Torwood, Mandava ndi Makusha, ndipo tikamasamuka, eninyumba ena amakana kutibwezera dipoziti. Amadalira chinthu chimodzi: amati mlendo amaopa khoti.

Choyamba, dziwani kuti malamulo aakulu a dziko lino a mu 2013 amateteza munthu aliyense, osati nzika zokha. Gawo 74 limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba popanda chilolezo cha khoti. Gawo 69 limapatsa aliyense ufulu wokadandaula kukhoti. Gawo 6 limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, choncho musachite manyazi kupempha womasulira.

Pali khoti la milandu ing'onoing'ono, lotchedwa Small Claims Court, limene mumalipeza kukhoti la majisitireti. Njira zake n'zosavuta, ndipo mungathe kudziyankhulira nokha popanda loya. Malire a ndalama zimene khotili limaweruza amasinthasintha, motero yambani mwafunsa kalaliki wa khoti.

Musanasume, lemberani mwininyumba kalata yomuuza ndalama zimene mukufuna, chifukwa chake, ndi tsiku lomaliza kubweza. Sungani kope lake ndi umboni woti walandira. Akanyalanyaza, pitani kwa kalaliki ndi kalatayo kuti akutulutsireni chisamani. Lembani dzina lenileni la mwininyumba ndi kumene amakhala, pakuti chisamani chosafika kwa mwini wake chimaimitsa mlandu.

Pa tsiku la mlandu, misozi siwerengedwa; chowerengedwa ndi umboni. Tengani malisiti, mauthenga a EcoCash ndi a WhatsApp, zithunzi za chipinda pamene munkatuluka, ndi mboni imene inaona ndalama zikuperekedwa. Pangano lapakamwa nalonso ndi pangano, koma limafuna womuikira kumbuyo. Ngati inunso muli ndi ngongole ya lendi, nenani poyera, chifukwa mwininyumba adzaitchula ndithu.

Tsopano mvetsetsani apa, pakuti ambiri amagwera pomwepa. Khoti likagamula mokomera inu, silitulutsa ndalama m'thumba mwake. Chigamulo ndi pepala, ndipo pepala saphikira nsima. Mwininyumba akapanda kulipira, bwererani kwa kalaliki mukapemphe chikalata cholandira katundu. Chikalatacho mupite nacho kwa mesenjala wa khoti, amene amakalemba katundu wa wangongoleyo, monga firiji kapena wailesi yakanema, n'kumugulitsa pa okushoni. Mesenjala amafuna malipiro ake poyamba, choncho sungani kangachepe pambali. Ndalamazo zimaonjezedwa pa ngongole. Ngati mwininyumba ali pa ntchito yolandira pamwezi, mungapemphe khoti kuti lilamule abwana ake kudula ngongoleyo kumalipiro. Akapempha kulipira pang'onopang'ono, vomerani pokhapokha zitalembedwa. Koma inu musakanyamule katundu wake ndi manja anu, mungasanduke wopalamula muli wodandaula.

Akuluakulu amati mlandu suola. Kumudzi n'zoona, koma pa ngongole lamulo la kuno limapereka zaka 3 zokha. Zikadutsa, mwininyumba angathe kukana kulipira ndipo khoti lidzamumvera. Ndikudziwa kuti wantchito wa m'nyumba kapena wa pafamu akajomba tsiku limodzi amadulidwa malipiro. Werengerani mtengo wa basi ndi masiku otayika, muyerekeze ndi ndalama zimene mukulondola. Mukafuna uphungu waulere, ku Gweru kuli ofesi ya Legal Resources Foundation ndi ya Legal Aid Directorate.

Pomaliza, ndikupempheni chinthu chimodzi. Kuyambira mwezi uno, musapereke lendi popanda lisiti. Mwininyumba akakana kulemba, gulani kope lanu, lembani tsiku ndi ndalama, iye asaine. Thukuta limene munakhetsa pochapa zovala za ena ndi popalira minda ya ena lisathere m'thumba la munthu amene amangodalira mantha anu.