Mankhwala Osayenera Kusowa pa Chipatala Chathu

Nthawi zina munthu akalumidwa ndi njuchi kapena akabayidwa penisilini amatupa kukhosi ndi kuyamba kubanika. Chomupulumutsa ndi jakisoni wa adrenaline, amene namwino amabaya pantchafu msangamsanga. Mtima ukaima, adrenaline yemweyo amathandizanso, uku anamwino akukanikiza pachifuwa. Wodwala akalandira morphine wopitirira muyeso amalephera kupuma bwino, ndipo naloxone ndiye amamutsitsimutsa.

Pa ngozi zoterezi munthu angatisiye m'mphindi zochepa chabe. Sitingadikire ambulansi yochokera ku boma. Tsono ife eni dera tili ndi ufulu ndi udindo wofunsa komiti ya chipatala chathu: Kodi mankhwalawa alipo? Kodi masiku ake sanathe? Tiyeni tifunse mwaulemu lero lomwe, maliro asanatigwere.