Sitima ya Khedive Ismail ndi asilikali a ku Africa



Ife amene tikukhala kuno ku Scotland timanyadira kuti Ilala anamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Clyde mu 1949. Koma mtsinje womwewu unabala sitima ina imene ambirife sitinaimvepo. Inamangidwa ku Greenock mu 1922, dzina lake Aconcagua, ndipo eni ake anali kampani ya ku Chile. Mu 1935 anaigula a ku Egypt naitcha Khedive Ismail.

Nkhondo yachiwiri itabuka, boma la Britain linaitenga mu 1940 kuti izinyamula asilikali. Mu April 1941 inatumizidwa kukasamutsa asilikali ku Greece, ndege za Germany n'kuiukira m'njira, koma inapulumuka.

Pa 5 February 1944 inanyamuka ku Mombasa ulendo wa ku Colombo, pamodzi ndi sitima zina zinayi. Munali anthu 1,511. Mwa iwo, 996 anali a gulu la mizinga la East African Artillery, opita kukaphatikana ndi 11th East African Division, momwenso munali azigogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland. Njira yake ndi yomweyo imene iwo anadzera popita ku Burma. 

Pa 12 February masana, pafupi ndi zilumba za Maldives, sitima ya Japan yoyenda pansi pa madzi, I-27, inaiwomba ndi mabomba awiri. Mphindi zitatu zisanathe, Khedive Ismail inali itamira.

Apa ndiye pamene pamatiwawa. Sitima ya adaniyo inabisala pansi pa anthu amene ankasambira. Oyendetsa HMS Petard, imene inkaperekeza ulendowo, anali ndi lamulo loti aphe mdani choyamba, choncho anaponya mabomba m'madzi momwemo muli anzawo. Ena amene anapulumuka kumira anafera pamenepo. Sitinganene kuti tikanachita bwanji tikanakhala ife. Lamulo linali lamulo, komabe mtima sukhazikika. Tsiku lomwelo I-27 nayo inamizidwa.

Anthu 1,297 anatsikira kuli chete, mwa iwo amayi 77, ambiri a iwo anamwino. Opulumuka anali 214 basi.

Tikupempha kuti tonse tiimirire, tikhale chete kwa mphindi imodzi, kenaka apampando apitirize mwambo.