Mwana Wapulumuka Napolo, Nanga Mtima Wake?



Nkhani yathu lero ndi ya ana a kupulayimale, koma sitikamba za mabuku, madesiki kapena midadada ya sukulu. Zimenezo timazikamba pa misonkhano yambiri ndipo tidzazikambabe. Lero tiganizire za mantha ndi chisoni zimene mwana amalowa nazo m'kalasi, ndiponso za udindo umene ife tili nawo pa iye monga Akhristu komanso monga nzika za dziko lino.

Ife a ku Phalombe napolo sitichita kumumva kwa ena. Mu Marichi 1991, dera lino likadali mbali ya boma la Mulanje, madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi ndi kupha anthu mazanamazana. Patapita zaka 32, m'mwezi womwewo wa Marichi, chaka cha 2023, kunadza namondwe wa Freddy. M'dziko muno anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Kuno kwathu abale a kwa Nkhulambe ali m'gulu la amene anakhudzidwa koopsa. Pakati pa ngozi ziwirizi panadutsanso Idai mu 2019 ndi Ana mu 2022.

Tsono tawerengetsani bwino. Mwana amene anali ndi zaka 8 mu 1991, pofika 2023 anali ndi zaka 40. Iyeyo ndiye kholo la lero, ndiye mphunzitsi, mwinanso ndiye wapampando wa komiti ya sukulu. Pa nthawi ija analandira ufa ndi bulangete, ndipo tiyamike onse amene anathandiza. Koma kodi alipo amene anakhala naye pansi ndi kumufunsa zimene anali kulota usiku? Ambiri mwa inu mukudziwa anthu akuluakulu amene mpaka lero, mvula ikagwa usiku wonse, sagona tulo, amangotchera khutu kuphiri. Kodi tikufuna kuti ana a 2023 nawonso adzafike zaka 40 atasenza katundu yemweyu?

Vuto lake ndi lakuti mwana sanena kuti ali ndi nkhawa. Mawuwo sawadziwa. Nkhawa yake imaonekera m'zochita. Mwana wa Sitandade 2 amene anasiya kale kukodza pamphasa amayambiranso. Wina safuna kusiyana ndi amayi ake, ukamuperekeza kusukulu amabwerera panjira. Wina amadandaula mutu kapena m'mimba m'mawa uliwonse, koma kuchipatala akamuyeza malungo samupeza nawo. Mtsikana amene anali kukweza dzanja pa funso lililonse amangokhala duu kumbuyo, maso ali pawindo. Mnyamata amene anali wofatsa amayamba ndewu pa zinthu zazing'ono. Mitambo ikada ndi kuyamba kugunda, ena amalira, ena amathawa osatsazika.

Tisaiwalenso kuti pa nthawi ya Freddy sukulu zinatsekedwa kwa milungu ingapo, ndipo zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Alipo ana amene anagona pansi m'chipinda chomwecho chimene lero akuphunziriramo masamu. Anamva maliro akulengezedwa pakhonde lomwelo. Kwa ife ndi kalasi chabe, koma kwa iwo ndi malo amene amawakumbutsa zonse.

Zimene zimachitika m'thupi mwa mwana wotere n'zosavuta kuzimvetsa. Mulungu anatilenga mwakuti tikaona choopsa mtima umathamanga, thupi limakonzeka kuthawa, tulo timatha. Zimenezi zimatipulumutsa pa tsiku la ngozi. Koma kwa ana ena thupi limapitiriza kukhala tcheru ngakhale ngoziyo itapita kalekale. Mwana amene sanagone bwino, amene khutu lake lili pa mkokomo wa madzi, sangasunge m'mutu zimene aphunzitsi akulemba pabolodi. Si ulesi. Si mwano. Si umbuli.

Apa ndi pamene mwana amapwetekedwa kachiwiri. Kunyumba amamutcha waulesi, kusukulu amamuopseza ndi chikoti. Chikoti chimatha kumukhalitsa chete, inde, koma chimangoonjezera mantha pamwamba pa mantha, ndipo Unduna wa Zamaphunziro suloleza kumenya ana m'sukulu. Ena amathamangira kunena kuti mwanayo walodzedwa, n'kuyamba kuloza zala agogo a m'mudzi. Tikumbutsane kuti kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo chikhulupiriro chathu sichitilola kusaka mfiti pamene mwana akufunika womumvera. Enanso amangoti wayamba misala, ndipo liwu limeneli likamatirira pa mwana, anzake amamusala mpaka kusiya sukulu.

Nanga tichitenji? Nkhani yolimbitsa mtima ndi yakuti ana ambiri amakhalanso bwino popanda mankhwala, ngati moyo wawo wabwerera m'chimake ndipo pali wamkulu mmodzi amene amamukhulupirira. Belu kulira pa nthawi yake, phala kulandiridwa, mpira ndi fulaye pabwalo, kuyimba, kujambula: zonsezi zimamuuza mwana kuti dziko silinathe. Mu 2011 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, pamodzi ndi mabungwe anzake, linatulutsa malangizo a chithandizo choyamba cha m'maganizo kwa anthu amene akumana ndi zoopsa. Mutu wake ndi zinthu zitatu zimene ngakhale munthu wosapita kusukulu angathe: kuyang'ana amene akuvutika, kumumvetsera, ndi kumulumikiza ndi thandizo loyenera.

Pa zitatuzi, kumvetsera ndiye kovuta, chifukwa akulu anazolowera kulangiza. Kumvetsera mwana si kumupanikiza ndi mafunso kuti afotokoze zonse zimene anaona, makamaka pamaso pa anzake. Zimenezo zimangotukula chilonda. Khalani naye pafupi, mwina mukusenda nandolo kapena mukupita kumjigo, ndipo musiyeni ayambe yekha. Akalira musamuletse ndi mawu aja akuti mwamuna salira. Akafunsa za amayi ake amene anapita ndi madzi, musamunamize kuti ali ku ulendo, pakuti adzakhala akuyang'ana kunjira tsiku ndi tsiku, ndipo akadzadziwa zoona sadzakukhulupiriraninso. Muuzeni zoona m'mawu a msinkhu wake. Muuzeninso kuti iye sanalakwe, chifukwa ana ambiri amasunga mumtima maganizo akuti ngoziyo inadza chifukwa iwo sanamvere, kapena kuti akanagwiritsa dzanja la mng'ono wawo sakanapita.

Si napolo yekha amene amalemetsa mitima ya ana. Pali njala, monga ija inatsatira ng'amba ya 2024. Pali umasiye. Pali bambo amene anapita ku Joni kapena ku Mozambique ndipo sakumvekanso. Pali nkhanza za m'nyumba zimene mwana amaopa kuulula. Ndipo banja likasowa pogwira, kawirikawiri amene amalipira ndi mwana wamkazi, pomukankhira ku banja. Malamulo aakulu a dziko lino anakonzedwa mu 2017, ndipo munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kulowa m'banja. Mtsikana amene watenga pathupi ali ndi ufulu wobwerera kusukulu akabereka. Boma linavomereza zimenezi kuyambira 1993. Koma ufuluwo n'ngwachabe ngati akabwerera amalandiridwa ndi kuseka. Amayi a Mother Group, ntchito imeneyi ndi yanu, ndipo amayi a m'mabungwe a mpingo akuthandizeni.

Tinenepo za aphunzitsi, pakuti n'kosavuta kuwasenzetsa zonse. Kalata ya Aepiskopi athu ya m'nyengo ya Lenti mu 1992 inadandaula kale za kuchuluka kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa aphunzitsi. Maphunziro aulere atayamba mu 1994, ana a m'sukulu za pulayimale anachoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma mtolo wake sunatsikebe. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, komabe m'makalasi aang'ono si zachilendo kupeza oposa 100. Mphunzitsi ameneyu mwina nyumba yake inagwa, mwina nayenso anaika m'bale wake m'manda. Tingamufunse bwanji kuti azindikire mwana mmodzi amene wasiya kuseka? Makolo, musadikire kuitanidwa pa mlandu. Pitani mukauze aphunzitsi zimene mwana wakumana nazo, ndipo muwafunsenso iwo kuti akupeza bwanji. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pali ana ena amene chikondi cha kunyumba pachokha sichingawakwanire. Ngati papita miyezi ndipo mwana sakusintha, sakudya, sakulankhula, akumva mawu amene ena sakuwamva, kapena wanena zoti akufuna kufa, musazengereze ndipo musamusiye yekha. Mawu otere si nthabwala, ngakhale atuluke m'kamwa mwa mwana wa Sitandade 6. Yambani ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya cha boma kaya cha Holy Family. Iwo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani kwa odziwa za matenda a maganizo. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba, ndipo a St John of God, amene ndi a mpingo wathu womwe, amagwira ntchitoyi ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pa nkhani za nkhanza kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kuli apolisi, komanso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana. Kupemphera tipemphere ndithu, koma mwana wa malungo timamupempherera tili panjira ya kuchipatala. Chimodzimodzinso ameneyu.

Monga nzika tilinso ndi pakamwa. Sukulu iliyonse ili ndi komiti ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndipo chaka ndi chaka pamalembedwa ndondomeko ya chitukuko cha sukuluyo. Pa msonkhano umenewo funsani: kodi mwana wovutika mumtima angapite kwa yani pasukulu pano, ndipo ana akumudziwa munthuyo? Kodi alipo mphunzitsi wamkazi amene atsikana angamuuze zakukhosi? Kodi ana anaphunzitsidwa kumene angathawire madzi akabwera? Mwana amene akudziwa chochita mantha ake amachepa. Ngati yankho palibe, nkhaniyo ipite kwa a PEA, ku komiti ya chitukuko ya m'dera ndi kwa khansala amene munamusankha.

Chotsalira ndi cha ife a mumpingo. Mabanja ena matupi a abale awo sanapezeke. Sipanakhale maliro, palibe manda oti mwana angalozeredwe. Mwezi wa Novembala timapempherera akufa, ndipo ndi mwezi womwewo umene mitambo imayamba kusonkhana pa Michesi ndi Mulanje. Tikupempha mphakati uliwonse kuti Okutobala asanathe ulembe maina a onse amene anapita ndi madzi, a 2023 ndi a 1991 omwe, ndi kuwapereka kwa bambo mfumu kuti adzatchulidwe pa Misa. Ana a m'mabanjawo auzidwe tsikulo lisanafike, adzakhale pafupi ndi munthu amene amamukonda, ndipo amene akufuna kuyatsa kandulo aloledwe kutero.