Mankhwala a Khunyu ndi Tulo ta Usana

Nkhani yathu ya lero yacokera m'kalata ya mai wina wa kum'mawa kwa dziko lino. Mwana wao wamwamuna, wa zaka 14, adwala khunyu. Ciyambire kumwa mibulu ya ku cipatala papita milungu isanu ndipo sanagwepo, koma tsopano angoodzera m'kalasi, ndipo aphunzitsi amuyesa waulesi. Atate ace a mwanayo akuti mankhwalawo ali kumsandutsa citsiru, ndipo afuna kuti aleke. Maiwo afunsa kuti, "Kodi tileke?"

Mai, yankho langa ndi ili: musaleke. Tuloto ndi bvuto loona, ndipo atate ace sanalakwe kuda nkhawa. Koma bvuto limeneli likonzeka pokambirana ndi dotolo. Kutaya mibulu kungatengetse moyo wa mwana.

Poyamba tione kumene tuloto ticokera. M'caka ca 1912, mu mzinda wa Freiburg ku Germany, munali dotolo wina wacinyamata dzina lace Alfred Hauptmann. Iye anali kugona pafupi ndi cipinda ca odwala khunyu, ndipo usiku sanali kupeza tulo cifukwa ca kugwa kwao. Tsono anawapatsa mankhwala atsopano ogonetsa, ochedwa phenobarbitone, kuti iwo agone, nayenso apumule. Cimene cinamdabwitsa ndi cakuti kugwa kuja kunacepa, usiku ndi usana womwe. Comweco mankhwala amene apezeka kawirikawiri m'zipatala zathu zazing'ono anayamba ngati mankhwala a tulo.

Ubongo wa munthu utumiza mau ace ndi timphamvu tating'ono tonga magetsi. Munthu agwa khunyu pamene timphamvuto tabuka tambiri nthawi imodzi, monga moto wolusa m'chire louma. Ncito ya mankhwala ndiyo kuziziritsa motowo. Koma poziziritsa, afooketsako ndi mphamvu ija imene isunga munthu ali maso. Akulu anati, walira mvula walira matope. M'caka ca 1938 madotolo awiri a ku Boston, Merritt ndi Putnam, anaonetsa kuti mankhwala ena, phenytoin, aletsa khunyu osagonetsa kwambiri. Pambuyo pace kunabwera carbamazepine ndi sodium valproate. Komabe onsewa angathe kuodzeretsa munthu, makamaka poyamba kumwa kapena pamene muyeso waonjezedwa.

Nanga ticite ciani? Coyamba ndi kudekha. Kwa anthu ambiri tulo ticuruka m'milungu yoyamba, ndipo ticepa pang'ono pang'ono thupi likazolowera. Ndico cifukwa cace madotolo ayamba ndi muyeso waung'ono ndi kumakweza mosafulumira. Koma ngati papita mwezi kapena kuposerapo mwana ali kuodzerabe, monga wa mai athuwa, nthawi yakwana yobwerera ku cipatala ndi kukafotokoza. Musadikire tsiku limene analemba pa khadi.

Caciwiri ndi nthawi yomwera. Phenobarbitone akhalitsa m'thupi: mwa munthu wamkulu, patapita masiku ngati anai, theka la muyeso umodzi likali m'mwazi. Motero kwa ambiri akwanira kumwa kamodzi pa tsiku, ndipo nthawi yabwino ndiyo usiku pokagona, kuti tulo tace tikomane ndi tulo ta masiku onse. Mankhwala ena, monga carbamazepine, amwedwa kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo dotolo angathe kuika gawo lalikulu madzulo. Angathenso kucepetsa muyeso kapena kusintha mtundu wa mankhwala. Zonsezi ndi ncito ya dotolo. Inu musadule mbulu pakati, ndipo mukaiwala tsiku lina musamwe miyeso iwiri pamodzi osafunsa.

Cacitatu, gonani mokwanira usiku, ndipo nthawi yogona ndi yodzuka ikhale imodzimodzi masiku onse. Kucezera kuitana khunyu, ndiponso kuonjeza kuodzera kwa usana. Wodwala khunyu asacezere pa maliro kapena pa gule kufikira mbanda kuca. Abale amvetse ndi kumlola kukagona. Tulo tikamgwira masana, agone pang'ono, osapitirira theka la ora, ndipo akadzuka asambe kumaso ndi kuyendako. Tiyi wa m'mawa sali woipa, koma tiyi kapena khofi wambiri madzulo alanda tulo ta usiku.

Cacinai, pewani zoonjeza tulo. Mowa, kaya ndi wa masese kaya kacasu, ukakomana ndi mankhwalawa ugonetsa munthu koopsya, ndipo nthawi zina ufooketsa ndi kupuma komwe. Mibulu ina ya cimfine ndi ya ziwengo, monga Piriton, igonetsanso. Uzani dotolo za mankhwala onse amene mukumwa, ngakhale a zitsamba. Ochulani makamaka ma ARV ndi mankhwala a kulera, pakuti mankhwala ena a khunyu awacepetsa mphamvu.

Cacisanu, cenjerani ndi ngozi. Munthu woodzera asakhale yekha pa moto, asatunge madzi yekha pa citsime kapena pa mtsinje, asakwere mumtengo kapena pa denga, ndipo asayendetse galimoto. Zipsera zambiri zimene tiona pa odwala khunyu ndi za moto wa m'khicini.

Tsopano mverani bwino mau awa, pakuti ambiri asokera pamenepa. Si tulo tonse ta usana ticokera ku mibulu. Munthu angathe kugwa khunyu ali m'tulo, a m'nyumba osadziwa, ndipo m'mawa adzuka wolema, mutu uli kuwawa. Mukapeza kuti wadziluma lilime kapena wakodzera pa mphasa, dziwani kuti mwina mankhwala acepa, pamene inu muli kuganiza kuti acuruka. Malungo, kucepa kwa mwazi ndi kupita ku sukulu ndi njala nazonso ziodzeretsa. Cifukwa cace tengani kabuku, ndipo tsiku liri lonse lembani nthawi imene wamwa mankhwala, nthawi imene tulo tamgwira, ndi tsiku limene wagwa. Kabukuko kadzathandiza dotolo kusiyanitsa zinthu zimenezi koposa mau a pakamwa.

Ziripo zizindikiro zina zosayenera kudikira mawa. Wodwala akayamba kudzandira ngati woledzera, kuona zinthu ziwiri-ziwiri, kulankhula lilime lolemera, kapena kubvuta kumdzutsa, mwina mankhwala acuruka m'mwazi. Pitani naye ku cipatala tsiku lomwelo. Citaninso cimodzimodzi akaturuka zidzolo pa khungu kapena zironda m'kamwa, makamaka m'miyezi iwiri yoyamba. Dziwaninso kuti ana ena aang'ono phenobarbitone sawagonetsa, koma awasandutsa osakhazikika ndi aukali. Musawamenye, kanene kwa dotolo.

Nanga kuopsya kwa kuleka mwadzidzidzi nkotani? Ubongo umene wazolowera mankhwala ukawasowa tsiku limodzi ndi linzace, khunyu libwera ndi ukali woposa kale. Munthu agwa, ndipo asanatsitsimuke agwanso. Kugwa kumene kwapitirira mphindi 5 ndi ngozi yofuna cipatala msanga, pakuti kungathe kuononga ubongo kapena kupha. Ngakhale dotolo mwini, akafuna kuleketsa mankhwalawa, acepetsa pang'ono pang'ono kwa milungu kapena miyezi. Cifukwa cace katengeni mibulu ina isanathe imene muli nayo.

Bungwe la World Health Organization liwerenga kuti pa dziko lonse lapansi pali anthu ngati 50 miliyoni odwala khunyu, ndi kuti mwa anthu 10 ali onse, ngati 7 angathe kukhala osagwa akalandira mankhwala oyenera. Mwana wa mai athuwa, amene watha milungu isanu osagwa, aoneka kuti ali pa njira imeneyo.

Inu aphunzitsi, mwana wotere si waulesi. Muikeni kutsogolo pafupi ndi zenera, ndipo mlole aturuke kukasamba kumaso. Ndipo inu atate ace a mwana, nkhawa yanu ndi ya kholo lokonda mwana wace. Pitani nokha pamodzi ndi amai ace ku cipatala, mutatenga kabuku kaja, ndipo mukanene zonse zimene mwaona, pakuti safunsa anadya phula. Kufikira tsikulo, mwana amwe mibulu yace monga analamulira dotolo.