KAMPANI IKASAMUKA, TIYAMBE KUMANGA CIANI?

Madzulo ano tikambe za nchito imene imagwera amisiri omanga pamene Kampani yaikuru isamuka, tsiku lolowera m'nyumba zatsopano litachulidwa kale.

Kusamutsa likuru lokha sikubvuta kwambiri. Akuru-akuru a ku Luanshya ndi ku Mufulira akumbukira Kampani ya Rhodesian Selection Trust imene inali kuyendetsa migodi yao. Mu 1953 inacotsa likuru lace ku London ndi kulibweretsa ku Lusaka. Mu 1955 inalipititsa ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Mu 1964 inalibwezanso ku Lusaka. Katatu m'zaka 11! Zinatheka cifukwa ofesi ndiyo anthu, mipando ndi mapepala. Mgodi sunasunthe, ndipo mkuwa unaturukabe.

Za njanji zinali zina. Kale sitima zathu zinali m'manja mwa Rhodesia Railways, ya maiko awiri pamodzi, ndipo likuru lace ndi nyumba zazikuru zokonzeramo injini zinali ku Bulawayo. Ian Smith atalengeza ufulu wace wosaloledwa pa 11 November 1965, maiko awiriwa sanathenso kuyenda pamodzi, ndipo pa 1 July 1967 Zambia Railways inayamba kudziimira yokha, likuru lace liri ku Kabwe, kumene kale kunachedwa Broken Hill. Tsiku limenelo silikadalindira njerwa. Sitima za mkuwa ndi za malasha zinayenera kuyenda m'mawa mwace monga mwa masiku onse, cinkana panapita zaka zingapo nyumba zazikuru zokonzeramo za ku Kabwe zisanathe.

Tsono womanga akapatsidwa nchito yotere ayambe ndi ciani? Eni Kampani ambiri amakhumba ofesi poyamba, pakuti ndiyo imene alendo amaiona. Ine nditi ayambe ndi nyumba ya katundu. Kalaliki angathe kulemba miyezi yambiri m'cipinda cobwereka, koma zitsulo za makina zikagona pabwalo zimacita dzimbiri, ndipo akuba nao sagona tulo.

Tsiku lace leni-leni la womanga kuno kwathu silikhala papepala la Kampani ai, liri kumwamba. Mvula imayamba mu November, ndipo denga liyenera kukhala litakwera isanagwe. Cifukwa cace wanzeru amaitanitsa nsanamira za citsulo ndi malata asanakumbe n'komwe maziko, popeza zimacokera kutali. Denga likakwera, amisiri amapitiriza nchito m'kati dzinja lonse. Likacedwa, maenje a maziko amadzala madzi, malori amatitimira m'matope, ndipo miyezi inai yatayika.

Palinso konkire, imene simva kukalipa kwa munthu. Pansi pa nyumba ya katundu pamayenda malori olemera, motero konkire yace iyenera kukhala yocindikala ndi yolimba ndithu. Ngakhale mutenge sementi ya ku Chilanga, yomwe ija inagwira nchito pa damu la Kariba, lamulo lace ndi limodzi: muithirire madzi masiku 7 kuti isaume msanga ndi kung'aluka, ndipo mphamvu imene amisiri amaiwerengera imakwana patapita masiku 28. Apa ndipo pagona ngozi. M'pangano la nchito zotere kawiri-kawiri mumalembedwa ndalama zimene womanga adzalipa pa tsiku liri lonse locedwa. Mantha a ndalamazo amatsika kucokera kwa mwini nchito kufika kwa kapitao, ndipo kapitao amalamula kucotsa mizati yocirikiza konkire ya pamwamba ikali yanthete. Inu a pansi pa mgodi sindifunika kukuuzani cimene cimacitika munthu akacotsa mtengo wocirikiza mwala nthawi isanakwane. Amene amaima pansi pace si mwini Kampani.

Nyumba ikatha, katundu asathamangire kulowa. Mashelefu ayambe akhomedwa, malo ali onse apatsidwe nambala yace, ndi buku la katundu lilembedwe. Ndikunena izi cifukwa kacitsulo kosaposa cala, kakasowa pakati pa mabokosi ounjikidwa mwa liwiro, kangathe kuimitsa injini yathunthu sabata lonse, pamene kali m'nyumba momwemo.